AKATSWIRI A MASAMU: George Boole, Mwana wa Wosoka Nsapato

George Boole adabadwira mumzinda wa Lincoln ku England m'chaka cha 1815. Bambo wake adali wosoka nsapato, koma mtima wawo udali pa masamu ndi kupanga magalasi oonera zakutali, motero ntchito ya nsapato idalowa pansi. Ali ndi zaka 16, George adayamba uphunzitsi kuti adyetse makolo ndi abale ake, ndipo pofika zaka 19 adali atatsegula sukulu yakeyake. Masamu apamwamba adadziphunzitsa yekha powerenga mabuku a akatswiri a ku France, Lagrange ndi Laplace. M'chaka cha 1849 adasankhidwa kukhala pulofesa woyamba wa masamu pa Queen's College ku Cork, m'dziko la Ireland, alibe digiri ina iliyonse.

Chimene chidamutchukitsa ndi timawu timene ambiri amatipeputsa: "ndi", "kapena" ndi "osati". M'buku lake la 1854, lodziwika ndi dzina lakuti The Laws of Thought, adaonetsa kuti kuganiza kolongosoka kungathe kulembedwa ngati masamu, malinga liwu lililonse litapatsidwa tanthauzo limodzi losasintha. Chilembo x chikaimira mbuzi, y n'kuimira zinthu zakuda, ndiye kuti xy ndi mbuzi zakuda. Nambala 1 imaimira zinthu zonse, 0 imaimira kupanda kanthu, choncho 1 − x ndi chilichonse chimene si mbuzi. Tsono munthu akasankha mbuzi pakati pa mbuzi zomwezo, amatsala ndi mbuzi basi. Ndiye kuti x kuchulukitsa ndi x yankho lake ndi x. Wophunzira wa Fomu 2 atalemba zotere angazichongedwe ndi inki yofiira, komatu lamuloli n'loona pa manambala awiri okha, 0 ndi 1, ndipo pamenepo m'pamene padagona nzeru yonse ya Boole. M'buku lomwelo adagwiritsa ntchito njirayi powerengera mwayi woti chinthu chichitike.

Kumapeto kwa 1864 mvula idamuvumba akupita kukoleji wapansi, ndipo adaphunzitsa zovala zili zonyowa. Adadwala chibayo namwalira pa 8 Disembala, ali ndi zaka 49, kusiya mkazi wake Mary Everest ndi ana aakazi asanu.

Padapita zaka zoposa 70 masamu akewo asadapeze ntchito yaikulu. M'chaka cha 1937 wophunzira wa ku America, Claude Shannon, adaonetsa kuti 1 ndi 0 za Boole zingaimire switchi ya magetsi yoyatsa ndi yozimitsa, ndipo makompyuta adamangidwa pa maziko amenewa.