A Reuben Kamanga: Anataya Mpando Koma Sanaphwanye Nyumba

Ana athu ambiri kuno ku Lundazi sadziwa kuti munthu woyamba kukhala waciwiri kwa mtsogoleri wa dziko la Zambia anali wa kwathu kuno Kum'mawa. Tikunena malemu a Reuben Chitandika Kamanga, amene anabadwa pa 26 August 1929 m'mudzi wa Chitandika m'boma la Fort Jameson, imene lero ndi Chipata. Anaphunzira ku Munali, ndipo pomenyera ufulu anali m'cipani ca UNIP pamodzi ndi a Kenneth Kaunda.

Mu 1962 atsamunda anabweretsa malamulo a cisankho ozunguza mutu. Mipando 45 ya m'nyumba ya malamulo anaigawa patatu, 15 gulu lililonse, mwa njira yoti pasapezeke cipani ca anthu akuda copambana pacokha. Cisankho citatha, UFP ya azungu inali ndi mipando 16, UNIP 14, ndipo ANC ya a Harry Nkumbula 7. A Nkumbula anali atapangana ndi UFP pa nthawi ya kampeni, koma mu December anatembenuka nagwirizana ndi UNIP. M'boma la mgwirizano limeneli a Kamanga anakhala nduna ya za anchito ndi migodi. Dziko litalandira ufulu pa 24 October 1964, iwo ndiwo anakhala waciwiri kwa a Kaunda.

Mayeso awo anafika mu August 1967 pa msonkhano wa cipani ku Mulungushi. Kumeneko nthumwi zinavota motsata zilankhulo: Abemba anagwirizana ndi Atonga, a Kum'mawa ndi Alozi. A Simon Kapwepwe anagonjetsa a Kamanga, natenga mpando wawo m'cipani ndi m'boma momwe. Mkangano unakula kwambiri, mwakuti mu February 1968 a Kaunda anatula pansi udindo pa msonkhano wa ku Chilenje, ndipo anabwerera patapita maola ocepa atawacondelera.

Pamenepo a Kamanga akadatha kusonkhanitsa a Kum'mawa okwiya n'kuyambitsa cipani cawocawo. Sanatero. Analandira unduna wa za maiko akunja, kenaka wa citukuko ca kumidzi, umene unali kuyang'anira alimi a cimanga, nshawa ndi thonje ngati ife.

Akulu amati caona mnzako capita, mawa cili pa iwe. A Kapwepwe nawonso anacoka pa mpando uja mu 1970, nayambitsa cipani ca UPP mu 1971. Mu February 1972 boma linaciletsa ndi kuwatsekera, ndipo mu December caka comweco Zambia inakhala dziko la cipani cimodzi. A Kamanga anatumikira mu komiti yaikulu ya UNIP m'zaka zimenezo. Apa sitingabise: umodzi umene anausunga unadza ndi mtengo wake, pakuti otsutsa anatsekedwa pakamwa mpaka mu 1990, pamene malamulo analolanso zipani zambiri.

Iwo anapuma pa ndale mu 1991. Caka cimeneco MMD ya a Frederick Chiluba inatenga mipando 125 mwa 150, koma Kum'mawa konse, mipando 19 kuphatikizapo ya ku Lundazi, inatsalira UNIP. A Kamanga anamwalira pa 20 September 1996 ku Lusaka.

Kuno tikukhala pamodzi Atumbuka, Acewa ndi Angoni, ndipo nafenso timasankha atsogoleri, kuyambira m'makopaletivu mpaka m'makomiti a mipingo yathu. Pa cisankho ciliconse wina amaluza. Moyo wa a Kamanga utiphunzitse kuti woluza asathamangire kumemeza a mtundu wake, ndiponso kuti wopambana asatseke pakamwa mnzake m'dzina la umodzi.