Justin Woyera, Wofera Chikhulupiriro

Alipo anthu amene amati Chikhristu chinabwereka miyambo yake ku zipembedzo za akunja. Kufanana kumene iwo amanenako, Justin Woyera anakuona kale lomwe, ndipo sikunamugwedeze.

Justin anabadwa cha m'ma 100 ku Flavia Neapolis, m'dziko la Samariya, kwa makolo achikunja. Anayendayenda kwa aphunzitsi a nzeru za Agiriki, koma mtima wake sunakhute. Tsiku lina, m'mbali mwa nyanja, nkhalamba ina inamufotokozera za aneneri. Tsono anatembenuka mtima, nabatizidwa. Pambuyo pake anatsegula sukulu ku Roma.

Cha m'ma 155 analembera Mfumu Antoninus Pius buku loteteza Akhristu. M'bukumo sanabise kuti opembedza Mithras nawonso ankaika mkate ndi chikho cha madzi pa mwambo wao, ndi kuti nthano za Agiriki zinkasimba za ana a Zeus. Koma anaphunzitsa kuti ziwanda zinamva mau a aneneri, nizipanga zofanizira kuti zisokeretse anthu. Mtanda wokha sizinaufanizire. Anaonetsanso kuti Mose ngwakale kuposa Plato, ndi kuti choona chilichonse chimene anzeru achikunja anachipeza chinali mbeu ya Mau a Mulungu, amene anadzakhala munthu mwa Yesu Khristu.

Cha m'ma 165 nduna Rusticus inamulamula kuti apereke nsembe kwa milungu. Iye anakana, nadulidwa mutu pamodzi ndi anzake 6. Eklezia amamukumbukira pa 1 June. Mkhristu wofunsidwa mafunso otere asaope: aphunzire, nayankhe mofatsa monga Justin.