Bernhard Fernow, Wosamala Nkhalango

Bernhard Fernow anabadwa m'dziko la Prussia m'chaka cha 1851. Ali mnyamata anamenya nao nkhondo ya Prussia ndi France ya 1870, naphunziranso nchito yosamala nkhalango. Mu 1876 anaoloka nyanja kunka ku Amereka, nakhala mlendo monga ife. Kumeneko anaphunzitsa anthu kuti wodula mitengo azibzala ina. Sukulu ya nkhalango imene anaitsogolera ku Cornell inatsekedwa mu 1903, koma iye sanataye mtima. Mu 1907 anakayamba ina pa University of Toronto, yoyamba m'dziko lonse la Canada. Anamwalira ku Toronto komweko mu 1923, kutali ndi kwao, koma ophunzira ake anapitiriza nchitoyo.