Mary Breckinridge: namwino amene anasankha uzamba

Mwana wa mlongo wanga watsala pang'ono kumaliza maphunziro a unamwino, ndiye mutu waima. Kodi alowere za ana, za matenda a maganizo, za kufiyeta kapena za uzamba? Anzake akuti ayang'ane kumene kuli ndalama. Ine ndinangomufotokozera mbiri ya mayi wina wa ku Amereka, ndipo ndati nanunso muimve.

Mary Breckinridge anabadwa mu 1881 m'banja lopata bwino. Mwamuna wake woyamba atamwalira mu 1906, anakaphunzira unamwino pa chipatala cha St Luke's ku New York, namaliza mu 1910. Atakwatiwanso anabereka ana awiri. Wamkazi anamwalira tsiku lomwe anabadwa mu 1916, wamwamuna anatsatira mu 1918 ali ndi zaka 4 zokha.

Maliro awiriwa ndi amene anamusankhira njira. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, anapita ku France kukathandiza amayi ndi ana, ndipo ali kumeneko anaona luso la anamwino odziwanso uzamba. Kwawo kunalibe sukulu yophunzitsa anamwino zimenezi, choncho anakaphunzira ku London ali ndi zaka zoposa 40. Tamvani zimenezo, inu amene mumati nthawi yakutherani!

Koma sanangothamangira. Mu 1923 anayamba wayendera midzi ya m'mapiri a ku Kentucky pa kavalo, kucheza ndi azamba akumudzi kuti aone vuto ndi maso ake. Mu 1925 anayambitsa komweko bungwe lomwe linadzatchedwa Frontier Nursing Service. Misewu kunalibe, ndiye anamwino ake ankakwera akavalo, zipangizo zili m'zikwama, kukachiritsa amayi m'makomo mwawo usiku ndi usana. Mu 1939 bungweli linatsegula sukulu yake ya uzamba. Mayiyu anatsogolera ntchitoyi mpaka pamene anamwalira mu 1965.

Inetu sindikunyoza ndalama ayi, tonse timadya. Koma ndalama sizingakudzutseni 2 koloko usiku kwa zaka 30 mtima wanu ukakhala kwina. Wodwala ndiye amalipira, pomalandira mawu okhadzula kwa namwino amene anasochera m'wodi yosamuyenera.

Ndiye mwana wa mlongo wangayo ndinamuuza kuti achite monga Breckinridge: ayambe wazungulira mawodi onse, aone odwala amene akaweruka amavutika kuwachotsa m'maganizo. Kumeneko ndiko kwake.