Daniel Malekebu, Mnyamata m'Dziko la Eni

Ambiri a ife kuno ku Senga Bay tinaperekezapo mnyamata wopita ku Joni. Ena amasiya ukonde ndi bwato ndevu zisanamere, ndipo kumeneko amakatchedwa makwerekwere. M'zaka za 2008 ndi 2015 ambiri anabwerera chimanjamanja pothawa chiwawa. Pamene tikuphunzira Danieli 1 sabata ino, tikumbukenso Danieli wina, mwana wa dziko lathu lino.

Daniel Sharpe Malekebu anali Myao wa ku Chiradzulu, mmodzi wa ophunzira oyamba a John Chilembwe pa Providence Industrial Mission. Anali wa mpingo wa Baptist, osati wathu, koma Mulungu amene anamsunga ndi yemweyo. Mphunzitsi wake, mayi Emma DeLaney, atabwerera kwao ku America m'chaka cha 1905, mnyamatayo anawalondola ali ndi zaka ngati 16. Anayenda pansi kufikira ku Beira, nawoloka nyanja ya mchere pa sitima. Atafika ku New York anatsekeredwa masiku angapo pa Ellis Island, malo ofufuzira alendo. Taganizani nkhawa ya mwana amene wasiya makolo, ndipo khomo limene wayendera ulendo wonsewo likukana kutseguka.

Atamulola kulowa, anakaphunzira pa Selma University ku Alabama. M'dera limenelo lamulo lenilenilo linkalekanitsa anthu potsata khungu: sukulu zosiyana, mabogi a sitima osiyana. Ngakhale pakati pa akuda anzake iye anali mlendo, wa chilankhulo china ndi miyambo ina.

Nanga anapirira bwanji? Ife tiona kuti sanapirire yekha. Mayi DeLaney anamlandira ngati mwana wawo, ndipo mipingo ya anthu akuda inamthandiza pa maphunziro. Pano pali potidzudzula, pakuti mwana wachilendo akhoza kupemphera nafe miyezi itatu popanda womfunsa kumene amagona. Chinanso nchakuti Malekebu sanaiwale chimene anapitira, monga Danieli wa ku Babulo sanaiwale Yerusalemu (Danieli 6:10).

Mayesero aakulu anadza mu 1915. Ali kutali choncho, Chilembwe anaphedwa, ndipo boma la atsamunda linagumula tchalitchi cha ku Mbombwe. Kwawo kumene ankakonzekera kubwerera kunasanduka bwinja. Komabe sanasiye sukulu, ndipo mu 1917 anamaliza maphunziro a udokotala pa Meharry Medical College ku Nashville, nakhala dokotala woyamba wobadwira m'Nyasaland. Mu 1919 anakwatira Flora Zeto, amene anabadwira ku Congo nakulira ku America, mlendo mnzake.

Atayesa kubwerera mu 1921, atsamunda anamkaniza kukhala m'dziko lobadwiramo, kotero anakatumikira ku Liberia. Analoledwa kubwera mu 1926, natsegulanso mishoni ija. Anamwalira mu 1978.