DONALD KACHAMBA, KATSWIRI WA CITOLIRO

Ife a ku Chikwawa ndi ku Nsanje tinakula tikumva ulimba ndi ng'oma, koma ambiri a ife sitidziwa kuti dziko lathu linabala munthu amene anachuka kunja cifukwa ca kacitoliro kacitsulo ka mabowo asanu ndi limodzi. Munthuyo ndiye Donald Kachamba.

Iye anabadwa m'caka ca 1953, ndipo kwao kunali m'mudzi wa Singano, kufupi ndi Chileka. Atate ace, a James Kachamba, anali odziwa kuimba gitala. Donald ali wamng'ono, banja lonse linasamukira ku Salisbury, mzinda umene lero ucedwa Harare. Masiku amenewo nyimbo za kwela zocokera ku Johannesburg zinali zitawanda ponse ponse, ndipo anyamata anali kutsanzira akatswiri onga Spokes Mashiyane. Kumeneko Donald anayamba kuliza citoliro, mkulu wace Daniel nagwira gitala.

Atabwerera kwao, abale awiriwa anali kuimba m'miseu ya Blantyre kuti apeze timakobiri. M'caka ca 1967 anakomana ndi Gerhard Kubik, mzungu wa ku Austria wofufuza nyimbo za mu Africa. Iyeyu anazizwa ndi luso lao, najambula nyimbo zao, ndipo pambuyo pace analemba buku lonena za gulu lao.

Kalizidwe ka citoliro ca kwela kali ndi cinsinsi cace. Woliza sacigwira molunjika ai, koma amacipendeketsa, nalowetsa mutu wace m'kati mwa kamwa ca kutsaya. Potero mau amaturuka akulu ndi onona, ndipo akhoza kuwakweza kapena kuwatsitsa pang'ono pang'ono monga acitira munthu poimba. Pambali pace pamakhala gitala, maseche ndi babatoni, ndiye cingwe cimodzi comangidwa pa bokosi.

Ku South Africa kumene kwela inabadwira, anthu anaisiya pamene kunafika nyimbo zina zatsopano. Donald sanaitaye. Anayenda nayo m'maiko ambiri a mu Africa, ku Ulaya ndi ku America, ndipo Kubik yemwe uja analowa m'gulu lace naliza clarinet. Daniel atamwalira m'caka ca 1987, nchito yosunga kwela inatsalira mphwaceyo.

Cimene ine ndimlemekeza naco koposa ndi cakuti sanaumire nalo luso lace. Pamudzi pao anasonkhanitsa ana ndi kuwaphunzitsa mwa kumva ndi kupenya, popanda pepala. M'caka ca 1999 anaitanidwa ku yunivesite ya California ku Los Angeles, kumene anaphunzitsa ophunzira a kumeneko nyimbo zomwezo anali kuimba m'miseu ali mnyamata. Anamwalira m'mwezi wa January, caka ca 2001 citangoyamba kumene, ali ndi zaka zosakwana 50. Koma gulu lina la oimba a ku Singano linatenga dzina lace ndi kupitiriza nyimbo zace.

Tsono anzanga, taonani. M'midzi mwathu muli akulu akulu odziwa kusema ulimba ndi kuuliza, ndipo ambiri a iwo alibe wowalowa m'malo, pakuti ife a sukulu tiyesa zimenezo zacikale. Akapita iwo, nyimbozo zidzapita nao kumanda. Pa chuthi cikudzaci, aliyense afune mkulu mmodzi wotere, akhale naye pansi ndi kuphunzirako ngakhale nyimbo imodzi yokha.