KAMUZU BANDA NDI GREAT HALL YA KU ZOMBA

Mwana wa ku Kawale akakhoza bwino mayeso a Fomu 4, mtima wake umathamangira ku Zomba, kumene kuli chinyumba cha Great Hall cholandiriramo madigiri. Mbiri ya nyumbayi njolukana ndi moyo wa Dr. Hastings Kamuzu Banda.

Kamuzu adabadwira ku Kasungu cha m'ma 1898. M'chaka cha 1915 ankalemba mayeso a uphunzitsi, ndipo pokhala wamfupi adaimirira kuti aone bwino pabolodi. Woyang'anira mayesowo, T. Cullen Young, adamtulutsa pomganizira kuti akuonera. Mnyamatayo adauyatsa ulendo wapansi wa ku Rhodesia, nakafika ku Johannesburg. Kuchokera kumeneko adapita ku America, kumene adalandira digiri ku Chicago mu 1931 ndi ya udotolo ku Meharry mu 1937.

Atabwerera kwawo mu 1958 ndi kutsogolera dziko ku ufulu, sadaiŵale ludzu lake la maphunziro. Yunivesite ya Malaŵi idakhazikitsidwa mu 1964, ndipo ophunzira oyamba 90 adayambira ku Chichiri mu 1965. Mu 1973 Chancellor College idasamukira ku Chirunga, ku Zomba, kumene pambuyo pake kudamangidwa Great Hall. M'menemo Kamuzu, monga Chancellor, ankapereka yekha madigiri kwa ana a alimi ndi a aphunzitsi, makolo akululutira. M'menemonso mwakhala mukuchitikira zisudzo, makwaya ndi misonkhano ya anthu ophunzira.

Koma amene adamangitsa nyumba ya nzeruyi sankalola nzeru zomtsutsa. Mu 1987 Jack Mapanje, mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi pakolejipo, adatsekeredwa ku Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu kufikira 1991. Mu Marichi 1992 ophunzira adaguba kuvomereza kalata ya maepiskopi a Katolika, ndipo koleji idatsekedwa. Ana omwe adawaphunzitsa ndiwo adathandiza kugwedeza mpando wake.

Kamuzu adagonja pa chisankho cha 1994, namwalira pa 25 Novembala 1997. Manda ake ali mu Lilongwe momwe muno. Kuyambira 2021 koleji ija ndiyo yatsala ndi dzina la Yunivesite ya Malaŵi, ndipo Great Hall ikalipo. Mphunzitsi amene akuyang'anira mayeso lero akumbukire mnyamata adaimirira uja, ayambe wafunsa asanamtulutse mwana.